Kusamutsira banja ku England kukakhala pa paki ya makalavani: zoyenera kuchita musanagule tikiti

Lendi ya nyumba ndi imene imatha malipiro a anthu ambiri amene angofika kumene ku England. N'chifukwa chake munthu akamva zoti kuli mapaki komwe anthu amakhala m'makalavani akuluakulu pamtengo wotsikirapo, mtima umayamba kuthamanga, nayamba kuwerengera zoti abweretse mayi ndi ana. Malo oterowo alipodi, ndipo anthu amakhalamo bwinobwino zaka zambiri. Koma si paki iliyonse imene lamulo limalola munthu kuisandutsa pakhomo pake, ndipo mwa mapaki amene ali ndi chilolezo chimenecho, ambiri salandira ana. Mfundo ziwirizi muzigwiritsitse musanagulitse galimoto kapena puloti kumudzi. Zimene ndalemba pano ndi za ku England. Ku Wales, Scotland ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo, ofananako koma osiyana m'mbali zina.

Yambani ndi viza, nyumba ibwere pambuyo

Kugula kalavani sikupatsa munthu ufulu wokhala m'dzikomo. Choncho funso loyamba n'lakuti viza imene muli nayo, kapena imene mukufunsira, ikulola kubweretsa banja kapena ayi. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, amene amafunsira kumene viza ya ntchito yosamalira okalamba ndi odwala saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo mu Julayi 2025 boma linatsekeratu njira yolemba anthu a ntchito imeneyi kuchokera kunja. Ophunzira ambiri nawonso anawaletsa kubweretsa mabanja kuyambira mu Januwale 2024, kupatula amene akuchita maphunziro apamwamba a kafukufuku ndi ena ochepa. Viza ya Seasonal Worker, ija ya miyezi 6 yothyola zipatso m'mafamu, imene anthu ake amagonadi m'makalavani, siilola banja ngakhale pang'ono.

Ngati muli pa viza ya Skilled Worker, ya anthu a ntchito zaluso, ndipo ntchito yanu ikulola banja, konzekerani ndalama izi. Pali ndalama ya zaumoyo yotchedwa Immigration Health Surcharge, imene kuyambira mu Febuluwale 2024 ndi mapaundi 1,035 pachaka kwa wamkulu ndi 776 kwa mwana, ndipo imalipidwa ya zaka zonse za viza pakamodzi. Anamwino, madokotala ndi ena a viza ya Health and Care Worker salipira ndalama imeneyi, iwo ndi mabanja awo omwe. Muyeneranso kuonetsa kuti mu akaunti mwakhala ndalama kwa masiku 28 otsatizana: mapaundi 1,270 a inuyo, 285 a mnzanu wa m'banja, 315 a mwana woyamba ndi 200 a mwana aliyense wotsatira, pokhapokha abwana anu atalemba kuti akusamalirani mwezi woyamba. Manambalawa amasintha, ndiye tsiku lofunsiralo muwaonenso pa webusaiti ya boma ya GOV.UK. Ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa amafunikanso kuyezetsa TB ku chipatala chovomerezedwa ndi Home Office, unduna woona za maviza, ndipo chikalata chake chimagwira ntchito miyezi 6 yokha. Chinanso chimene chimapweteka mabanja ambiri: mwana sapatsidwa viza mwachisawawa ngati kholo limodzi likutsala kumudzi, pokhapokha mutaonetsa kuti udindo wonse wolera mwanayo uli pa inu.

Funsani khonsolo za layisensi ya pakiyo

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani musathamangire.

Paki iliyonse ya makalavani imafunika layisensi yochokera ku khonsolo ya deralo, motsatira lamulo la 1960 lotchedwa Caravan Sites and Control of Development Act. Layisensiyo, pamodzi ndi chilolezo cha mapulani a malowo, ndi imene imanena ngati pakiyo ili yokhalapo anthu chaka chonse, imene amati residential park, kapena yongopumulirapo alendo patchuthi, imene amati holiday park. Ukaziona ndi maso sungasiyanitse. Udzu ndi wotchetcha bwino kulikonse, makalavani ndi okongola, mawindo ali ndi makatani. Koma pamaso pa lamulo ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Pa holiday park simuloledwa kukhalapo ngati pakhomo panu penipeni. Eni ake amafuna muziwaonetsa umboni woti muli ndi nyumba kwina, monga kalata ya msonkho wa khonsolo. Mapaki ambiri otere amatseka milungu kapena miyezi ingapo m'nyengo yozizira, nthawi imene banja lifunikitsitsa denga. Ndipo chenjerani ndi mawu akuti "paki yathu imatsegula miyezi 12". Paki ikhoza kutsegula chaka chonse koma layisensi yake ili ya tchuthi basi. M'mbali mwa nyanja, monga ku Skegness ndi Ingoldmells ku Lincolnshire, kuli makalavani miyandamiyanda ogulitsidwa pamtengo wokopa, koma ambiri mwa iwo ndi a tchuthi. Wogulitsa angakuuzeni kuti palibe amene amafufuza, anthu onsewa akukhala pompano. Tsiku limene khonsolo idzafufuze, kapena tsiku limene mudzasemphane mawu ndi mwini paki, mudzapezeka kuti mulibe pogwira. Banja limene lili pa viza yolembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti sililoledwa kulandira thandizo la ndalama za boma, silingadalire kuti khonsolo ilipatsa nyumba ngati mmene imachitira ndi nzika.

Ndiye chitani izi. Pezani dzina la khonsolo ya kumene kuli pakiyo, muwalembere a ofesi ya malayisensi kuwafunsa ngati pakiyo ili ndi layisensi yoti anthu azikhalapo chaka chonse monga kwawo. Makhonsolo amasunga kaundula wa malayisensiwa ndipo aliyense ali ndi ufulu womuona. Funsaninso ngati puloti yeniyeniyo, nambala yakutiyakuti, ili m'mbali yokhalamo anthu, chifukwa mapaki ena ndi osakaniza: uku kwa okhazikika, uko kwa atchuthi. Kuyambira mu 2021 mwini kapena woyendetsa residential park ku England ayeneranso kukhala m'kaundula wa khonsolo wa anthu oyenera kuyendetsa paki, ndiye funsaninso zimenezo. Yankho la khonsolo likhale lolembedwa, ndipo mulisunge. Mawu a pafoni a wogulitsa, ngakhale atakhala mnzanu wa ku tchalitchi, musawatenge ngati umboni.

Kodi ana amaloledwa?

Mukapeza paki ya layisensi yoyenera, pemphani malamulo a pakiyo, amene amati site rules. Kope lake limasungidwanso ku khonsolo. Mapaki ambiri okhalapo chaka chonse anakonzedwera anthu opuma pantchito, motero mupeza palembedwa kuti wokhalapo akhale wa zaka 45, 50 kapena 55 kupita m'mwamba. Zidzukulu zimaloledwa kudzacheza, koma osati kukhala. Mapaki olandira mabanja a ana alipo koma ndi ochepa, ndipo mungaimbe mafoni ambirimbiri musanapeze imodzi. Musabise ana pofunsa. Tchulani zaka zawo pa kalata yoyamba, ndipo ngati mayi ali oyembekezera nenaninso.

M'malamulo omwewo muonenso chiwerengero cha anthu ololedwa m'kalavani imodzi, magalimoto angati, ngati mungayanike zovala panja, ndiponso zokhudza alendo ogona. Ife timakonda kulandira abale, mlamu akabwera amakhala mwezi wathunthu osawerengera. Pa paki zimenezo zikhoza kukubweretserani kalata ya chenjezo.

Lendi kaye, kugula pambuyo

Maganizo anga ndi akuti banja longofika kumene lisagule kalavani chaka choyamba. Chifukwa chake nachi.

Mukagula, nyumbayo imakhala yanu koma nthaka ndi ya mwini paki, monga munthu womanga pa malo obwereka. Mumalipira ndalama ya puloti mwezi ndi mwezi, imene amati pitch fee, kwa nthawi yonse imene mukhalepo. Popeza nthaka si yanu, mabanki sapereka ngongole ya nyumba ija ya mortgage. Mumafunika ndalama ya m'manja kapena ngongole ya chiwongoladzanja chokwera. Pogulitsa, mwini paki ali ndi ufulu wotenga mpaka 10 peresenti ya mtengo wake. Ntchito ikakuthawirani n'kupeza ina ku Leeds pomwe kalavani ili ku Devon, kuigulitsa kungatenge nthawi yaitali, uku ndalama ya puloti ikuwerengabe. Kuikamo munthu walendi nthawi zambiri sikuloledwa.

Ubwino wa kugula ndi chitetezo cha lamulo la Mobile Homes Act 1983, limene analilimbitsa mu 2013. Mwini paki sangakuchotseni popanda kupita ku khoti, ndipo zifukwa zake ndi zitatu zokha: mwaphwanya pangano ndipo simunakonze atakuchenjezani, simukukhalamo ngati pakhomo panu penipeni, kapena kalavaniyo yawonongeka mpaka ikunyansitsa pakiyo. Chachiwiricho muchiganizire ngati muli ndi mapulani obwerera kumudzi kwa nthawi yaitali. Ndalama ya puloti imaunikidwanso kamodzi pachaka, akupatseni chidziwitso cha masiku 28 pa fomu yake yovomerezeka, ndipo kuyambira mu Julayi 2023 kukwera kwake kumayendera muyezo wa kukwera mitengo wa CPI. Mukaona kuti akwezetsa, nkhani imapita ku bwalo la First-tier Tribunal, ndipo poyembekezera chigamulo mumapitiriza kulipira mtengo wakale.

Ngati mwasankha kugula kwa mwini paki, akupatseni pangano lolembedwa, written statement, masiku 28 musanasaine. Musalole kukufupikitsirani masikuwa ndi mawu akuti wina akuifunanso. Ngati mukugula kwa munthu wokhala pa pakipo, iyenso ayenera kukupatsani mapepala onse a pangano ndi fomu ya wogula musanagule, ndipo 10 peresenti ija ndinu amene mumaipatula pa mtengo n'kuipereka kwa mwini paki. Lamulo silikakamiza kukhala ndi loya, koma mupezeni, wodziwa za makalavani okhalamo amenewa, amene amati park homes. Bungwe la Leasehold Advisory Service limaperekanso uphungu waulere pa nkhani zimenezi.

Walendi alibe chitetezo chonsechi, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Pa paki ya layisensi yokhalapo, walendi amayenera kupatsidwa chidziwitso cha milungu 4 ndipo sangatulutsidwe popanda chilolezo cha khoti, koma kupitirira apo zimadalira zimene munasainirana. Choncho pangano likhale lolembedwa: lendi ndi zingati, gasi ndi magetsi alipira ndani, denga likadontha akonza ndani, dipoziti ibwezedwa bwanji. Musatumize dipoziti kuchokera ku Lilongwe kapena ku Harare pa kalavani imene mwangoiona pa Facebook. Ndipo ngati kalavaniyo ndi ya abwana anu, dziwani kuti ntchito ikatha nyumba yapita, nayo viza imafupikitsidwa, kawirikawiri n'kutsala masiku 60. Mazira onse amakhala m'dengu la munthu mmodzi.

Kaioneni nokha, tsiku la mvula

Makalavani amamangidwa pa miyezo iwiri. Wa BS 3632 ndi wa nyumba yokhalamo chaka chonse, makoma ake, pansi ndi denga zili ndi zotetezera kuzizira zokwanira. Wa EN 1647 ndi wa makalavani a tchuthi, oyenera nyengo yotentha. Funsani muyezo wake ndipo akuonetseni pepala. Kalavani wamba ya tchuthi imakhala pafupifupi mamita 11 m'litali ndi mamita osakwana 4 m'lifupi; zipinda za ana zimangokwana timabedi tiwiri topapatiza ndi kampata koponda pakati. Zija za zigawo ziwiri zolumikiza zimafika mpaka mamita 20 ndi 6.8, ndipo m'kati mwake mumangokhala ngati m'nyumba ya njerwa. Mtsikana ndi mnyamana akapitirira zaka 10 amafunika zipinda zosiyana, ndiye werengani zipinda moganizira zaka zitatu zikubwerazi.

Mukalowa, nunkhizani kaye. Fungo la chinyontho silibisika ngakhale atapopera mafuta onunkhira. Tsegulani wadiropu, mukhudze khoma la kumbuyo ndi dzanja. Likakhala lonyowa kapena lili ndi timadontho takuda, ndiye kuti nkhungu inalowa kale. Tukulani matiresi muone kunsi kwake. Yendani pang'onopang'ono pafupi ndi shawa ndi pakhomo lolowera, mukumvetsera ngati pansi pakulobodoka. Kenako tulukani ndi tochi, mugwade, musuzumire kunsi. Nyumba yonse imakhala pa zitsulo zotchedwa chassis, ndipo ngati dzimbiri likutekeseka mukakanda ndi kiyi, kukonza kwake ndi ndalama zambiri. Onani ngati mapaipi a madzi kunsiko anakulungidwa ndi zotetezera kuzizira. Ngati mukugula, lipirani katswiri woyeza makalavani kuti achite zonsezi mwaukadaulo, ndipo pemphani mapepala a chaka chino oonetsa kuti gasi ndi magetsi zinayezedwa.

Musachoke musanacheze ndi anthu awiri kapena atatu okhala pompo, mwini paki palibe. Afunseni kuti, "Pepani, madzi anasefukirapo pano? Magetsi amathima tikayatsa ketulo ndi chotenthetsera nthawi imodzi? Mwini paki amayankha mukamudandaulira?" Mapaki ambiri ali m'zigwa ndi m'mbali mwa nyanja, choncho lembaninso nambala ya adiresi ya malowo, imene amati postcode, pa mapu a pa intaneti a kusefukira kwa madzi a Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe.

Werengani ndalama zonse, osati lendi yokha

Pamwamba pa lendi kapena ndalama ya puloti pali msonkho wa khonsolo, umene pa makalavani ambiri uli m'gulu lotsikitsitsa la Band A. Pali inshuwalansi ngati kalavani ndi yanu, layisensi ya TV, intaneti, madzi. Magetsi nthawi zambiri mumagula kudzera kwa mwini paki, ndipo lamulo la Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi, limamuletsa kukugulitsani pamtengo woposa umene iye anagulira. Muli ndi ufulu wopempha kuona bilu yake. Chimene chimadzidzimutsa anthu ndi gasi. Mapaki ambiri alibe mapaipi a gasi wa m'tauni, amagwiritsa ntchito masilinda a makilogalamu 47, ndipo malire a mtengo aja sakhudza gasi wa m'masilinda. Pakati pa Disembala ndi Febuluwale, ana ali m'nyumba, silinda imatha msanga kwambiri. Funsani anansi kuti chaka chatha anatha masilinda angati, muchulukitse ndi mtengo wake, mugawe pa miyezi 12.

Onjezaniponso galimoto. Mapaki ambiri ali kunja kwa tauni komwe basi imadutsa mwa apo ndi apo, Lamlungu osaoneka n'komwe. Layisensi yoyendetsera galimoto ya kwanu imagwira ntchito miyezi 12. Ya ku Zimbabwe ndi ya ku South Africa mukhoza kungosinthitsa, koma ya ku Malawi ndi ya ku Zambia ayi: mumalemba mayeso ndi kuyesedwa pamsewu mwatsopano, ndipo mzere wake ndi wautali, ndiye lembetsani miyezi yoyambirira. Mukaphatikiza zonsezi n'kupeza kuti kusiyana ndi lendi ya nyumba ya zipinda ziwiri m'tauni n'kochepa, sankhani m'tauni, komwe ana angayende wapansi kupita kusukulu.

Mmodzi atsogole, banja litsatire

Amene ali ndi ntchito apite kaye yekha, akhale m'kalavanimo mwezi umodzi kapena iwiri, atsegule akaunti ya banki ndi adiresi ya pakiyo, alembetse msonkho wa khonsolo m'dzina lake. Kalata ya msonkhoyo ndi pangano la lendi ndi zimene a sukulu adzafuna. Malo a sukulu ya boma, imene ndi yaulere, mumafunsira ku khonsolo. Chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, koma mwana akhoza kulowa pakati pa chaka ngati malo alipo. Sukulu yapafupi ikadzaza amakupatsani yakutali, ndiye imbirani khonsolo musanasaine pangano la kalavani. Kulembetsa kwa dokotala wa m'dera, GP, n'kwaulere. Tengani timabuku ta katemera ta ana, zikalata zawo zobadwira, malipoti a kusukulu ndi setifiketi ya ukwati.

Ngati mungathe, ana afike pakati pa Epulo ndi Ogasiti, kunja kukuwala mpaka usiku, kuti azolowere kusanayambe kuda 4 koloko masana.

Katundu musatenge wambiri. Makalavani ambiri amabwera ndi mipando ndi mabedi ake omangiriramo, ndipo sofa ya kwanu siingalowe n'pakhomo pomwe. Ngati pali zotumiza pa sitima, lembani fomu ya ToR1 zisananyamuke kuti musalipire msonkho pa katundu wanu wakale. Mapulagi a ku Malawi ndi ofanana ndi a ku UK. Nyama ndi za mkaka siziloledwa kulowa nazo, koma nsomba zouma monga usipa ndi matemba zimaloledwa mpaka makilogalamu 20 pa munthu. Ufa muupeza m'mashopu a anthu a ku Africa ndi a ku Asia. Mthiko ndi chipande ndiye muponye m'chikwama.

Chisanu choyamba

Nyengo yozizira isanafike, ikani alamu ya utsi ndi ya carbon monoxide, muziziyesa mwezi uliwonse. Mpweya umenewu sununkha, suoneka, ndipo m'kanyumba kakang'ono kotseka umapha banja lonse lili m'tulo. Mbaula ya makala isalowe m'kati ngakhale gasi atatha pakati pa usiku, ngakhale makalawo akuoneka ngati azima. Timabowo ta mpweya tomwe tili pansi ndi m'makoma musatitseke ndi nsanza kapena tepi, ngakhale mukumva kamphepo kakulowa, tinaikidwa dala. Anawo muwauze chifukwa chake, chifukwa ndi iwo amene amathamangira kutseka.

Gwiritsani ntchito gasi wa propane, chifukwa wa butane amakana kutuluka kukazizira kwambiri, ndipo nthawi zonse pakhale silinda yodzaza yodikira. Pophika nyemba kapena nsima tsegulani windo pang'ono. M'mawa pukutani madzi a pa magalasi, ndipo zovala musamayanike m'chipinda chogona ana. Kamakina koyamwa chinyezi kamathandiza kwambiri ndipo sikadya magetsi ambiri. Usiku umene alengeza kuti kuzizira kufika pansi pa madigiri 0, siyani chotenthetsera chikuyaka pang'ono mpaka m'mawa kuti madzi asaume m'mapaipi n'kuwaphulitsa. Aliyense wamkulu m'nyumbamo adziwe pomwe pali mpopi waukulu wotsekera madzi ndi potsekera gasi, ndipo mukamachoka masiku angapo m'nyengo imeneyi, tsekani madzi ndi kukhetsa onse otsala m'mapaipi musanakiye chitseko.